Chenjezo kwa inu amene mwasandutsa foni kukhala dokotala wanu

Ana inu, tamverani kuno. Palibe amene akukuletsani kuphunzira Chingerezi pa YouTube kapena pa TikTok, kumamvetsera anthu akukamba za thanzi, za mafoni ndi za masewera. Lilime limazolowera choncho, n'zoona. Chimene chikundinyansa n'chakuti ena mwa inu mukangotola mawu atatu pa mawu khumi, basi mwasanduka madokotala, ndipo mawa lake mukuyesa pathupi panu zimene mwaona m'kavidiyo kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe.

Tiyambe ndi paracetamol, amene mumangomumeza osawerenga n'komwe. Munthu wamkulu wathanzi asapitirire magalamu 4 pa maola 24, kutanthauza mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo akamwa adikire maola osachepera 4 asanamwenso. Mwana, munthu wochepa thupi, chidakwa, kapena wodwala chiwindi, mlingo wake ndi wocheperapo. Msampha uli apa: mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati, ndipo ku America mankhwala omwewa amawatcha acetaminophen. Ndiye wina wamwa awiri a mutu, wawonjezera a chimfine, kenako wamva munthu wa ku America akutama acetaminophen n'kukafunanso ameneyo, osadziwa kuti akuunjika mankhwala amodzi katatu. Choopsa chake n'chakuti tsiku loyamba munthu amatha kungomva kanseru, mwinanso osamva kalikonse, akuyenda, akuseka. Chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Pofika tsiku lachitatu maso achita chikasu, abale ayamba kuthamangathamanga. Kuchipatala kuli mankhwala oletsa poizoni ameneyu, koma amagwira bwino kwambiri munthu akafika maola 8 asanathe. Mukazindikira kuti mwapyoza mlingo, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale simukumva kupweteka paliponse.

Nanga kapepala kopindapinda kamene kamakhala m'bokosi la mankhwala mumakatayiranji? Ngati mukufunadi Chingerezi chothandiza, khalani pansi ndi kapepala kameneko, dikishonale ili pambali, ndipo pamene pakuvutani mukafunse namwino kapena amene wakupatsani mankhwalawo. Safunsa anadya phula.

Za amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya amene ena mumamwa mukadwala chimfine, sinditaya nthawi. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo mankhwala opha mabakiteriya alibe nawo ntchito. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza kale mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti kumwa mankhwala amenewa moperewera kumaphunzitsa tizilombo kuwapirira. Zaka zonsezi zapita, inu mudakagawanabe makapisozi otsala.

Tsopano anyamata a zitsulo, bwerani pafupi. Munthu wakhala chaka chathunthu osathamanga ngakhale kamtunda kochepa, waona chimphona pafoni chikunyamula zitsulo, m'mawa mwake akufuna kuchita zonse tsiku limodzi, padzuwa, madzi osamwa. Kodi mukudziwa kuti amene mukumuonerayo wakhala zaka akukonza thupi lakelo, ndipo kawirikawiri pali chimene akugulitsa? Minofu ikapanikizidwa mopyola muyeso imaphwanyika, zotuluka mmenemo zimalowa m'magazi n'kukavulaza impso. Chizindikiro chake mudzachiona kuchimbudzi: mkodzo wofiirira kapena woderako kwambiri, ntchafu zatupa, kukhala pansi kukukanika. Zikatero pitani kuchipatala. Koma inu mumatani? Mumameza ibuprofen kuti ululu uthe, pomwe mankhwala ameneyu amalemetsanso impso, makamaka thupi likakhala louma. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera osapanikiza thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu. Mphindi 30 masiku asanu, ngakhale kungoyenda ndawala, mwafikapo kale. Zitsulozo muziwonjezera pang'onopang'ono, sizithawa.

Ndatsala ndi mahedifoni, ndipo apa ndiye mukudzipweteka nokha masana dzuwa likuswa mtengo. Mumati mukumvetsera phunziro, koma munthu wokhala pafupi nanu akumva liwu lililonse lochokera m'makutu mwanu. A WHO omwewo amati achinyamata opitirira biliyoni imodzi ali pachiopsezo chowonongeka makutu chifukwa cha kamvetseredwe kotereka. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo: phokoso la madesibelo 80 khutu limalipirira maola 40 pa mlungu, koma mukangokweza ndi madesibelo 3 okha, nthawi imeneyo yadulidwa pakati. Mukakwezanso, yadulidwanso. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya timene timatola mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni wotidzutsa. Kulira kuja mumamva m'makutu mukavula mahedifoni, kuti ziii, musamakuseke. Khutu likukuuzani kuti lavulala.

Ndipo taonani kupusa kwake. Phokoso limayamba kupha mbali ya khutu imene imamva timawu tosongoka, monga s ndi f, timene wophunzira chinenero amafunika kutimva bwinobwino kuti asiyanitse liwu ndi linzake. Mudzakhala mukumva kuti munthu akulankhula koma osatola chimene wanena, n'kumadandaula kuti Chingerezi n'chovuta.

Tsitsani voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100, ndipo muzipumitsa makutu pafupipafupi. Mafoni ambiri amakuchenjezani okha mukafuna kukweza mopyola. Uthenga umenewo muziuwerenga, osangoudina kuti uchoke. Ndipo inu othamanga m'mphepete mwa msewu makutu onse awiri mutatseka, vulani hedifoni imodzi, muziyang'anizana ndi magalimoto akubwera. Woyendetsa amene akuimba hutala kumbuyo kwanu akuganiza kuti mwamumva.