Pepala likuti zipinda zitatu, inu mwapeza zisanu, musathamangire kuvina

Nkhaniyi ndakhala ndikuisunga chifukwa ndi ya pachibale, koma eni ake andilola. Alamu anga anapuma ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo ndalama zopumira anagulira nyumba, imodzi mwa zija banki imalanda munthu akalephera kubweza ngongole. Anaiona m'nyuzipepala: zipinda zogona zitatu, madzi ndi magetsi zilipo, mpanda wa njerwa. Atapita kukasuzumira anapeza zipinda zisanu, kuseri kuli tinyumba tiwiri ta lendi. Anafika kwathu mano onse ali pamtunda. "Alamu, ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe!" Inenso ndinawombera nawo m'manja, bodza n'loipa.

Mvula ya Januwale ndi imene inatiphunzitsa kuwerenga. Pamene khoma lakale linakumana ndi zipinda zowonjezerazo panatseguka mng'alu woti chala n'kulowa. Tinaitana bilidala, mkulu wina wosalankhulalankhula. Anatenga msomali, kukanda pulasitala pang'ono, dothi lofiira n'kuyamba kuyoyoka. Njerwa zinamangidwa ndi matope, simenti inali yongodzoza kunja. Pamwamba pa mawindo panalibe lintala. Atakumba m'mbali anapeza maziko osafika ndi m'bondo momwe. Kenako anakwera kudenga ndi tochi ya pafoni, n'kutsika ndi chidutswa cha phaso la bulugama, kuchifinya m'manja chinangoti fumbi mbwee. Amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma muno munali chiswe chenicheni. Anangoti, "Bwana, chipinda ichi ana asamagonemo."

Tinyumba ta lendi tija ndiye musanene. Kamodzi anakamanga pamwamba pa dzenje la zonyansa zochokera m'chimbudzi cha m'nyumba, kena kanadumpha bikoni ya malire a puloti n'kudya malo a msewu. Magetsi ake anali a waya wolumikizalumikiza wochokera pa soketi ya kukhitchini.

Mwini wake wakale sindikumunyoza ayi. Taganizani munthu amene wapereka nyumba ngati chikole, bizinesi yavuta, chiwongoladzanja chikukwera, ndiye mu Novembala 2023 kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti, simenti n'kukwera mtengo. Amaganiza zowonjezera zipinda msangamsanga kuti za lendi zizithandiza kubanki. Wa mapulani amulipira chiyani? Kukhonsolo akapereka chiyani? Amaitana mnyamata wodziwa kugwira chipande, basi ntchito yayamba. Ndipo miyezi yomalizira, akadziwa kuti nyumba ikupita, sangagule lata latsopano pofolerera munthu wina. N'chifukwa chake ine ndimati nyumba yolandidwa si yofanana ndi ya munthu amene akugulitsa mwakufuna kwake. Mukugula zaka zimene mwini wake anali pa mpanipani.

Ambiri timaganiza kuti zovomereza mapulani ndi za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kuno kumaboma ungomanga bola malo ndi ako. Zinali choncho kale m'madera ambiri, koma lamulo la Physical Planning la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani. Pa Chitakale, pa Luchenza, pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, kuwonjezera nyumba pa puloti kumafuna chilolezo. Tsiku limene akhonsolo adzabwere ndi kalata yoti chimene chalowa mumsewu chigumulidwe, sakasaka munthu uja anasamuka. Kalatayo idzapeza amene ali ndi makiyi lero.

Nanga banki? Banki ikufuna ndalama zake, sinagonemo m'nyumbamo ngakhale usiku umodzi. Pa zikalata zogulitsira pamakhala mawu achingerezi aja akuti as is, where is, kutanthauza kuti mwaigula mmene ilili, mukapeza vuto musabwerere. Alamu anga atadandaula anangowaonetsa mzere umenewo ndi sayini yawo m'munsi. Wina anganene kuti, si paja banki imatumiza katswiri wake? Eya, koma uja amapita kukayerekeza mtengo wa nyumba. Kuti alowe kudenga kapena akumbe maziko, si ntchito imene anamutuma.

Apa ndiye pamene ndimakwiya. Ngati ogulitsa amatha kulemba nambala ya puloti ndi kukula kwa malo, chingawavute n'chiyani kuonetsa pulani yovomerezeka, kapena kunena poyera kuti palibe? Komanso tsiku lokaona nyumba lizikhala loonadi, osati mphindi khumi mukuyenda m'mbuyo mwa munthu amene akuyang'ana wotchi, eni nyumba akukuyang'anani ndi maso ofiira pakhonde. Zipinda zina zokhoma, akuti kiyi wasowa.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yoposa kwina chifukwa cha madzi. Mvula ya m'munsi mwa phiri la Mulanje si yamasewera, ndipo ikatha chiperoni chimalandira, makoma osauma mpaka Julayi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, koma zilipo zina zimene zinaima zitamwa madzi masiku angapo. Zina mwa izo zinangomatidwa ming'alu n'kupakidwa penti. Mukapita mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, muona nyumba yowala. Suntha kabati uone kuseri kwake, nkhungu yakuda kufika m'chiuno.

Ndikanakhala kuti ndikubwereza, bilidala uja ndikanapita naye tsiku loyamba, ndi msomali wake womwewo, n'kumulipira bwino. Ndikanapita kukhonsolo kukafunsa pulani ya pulotiyo n'kuwerenga zipinda papepala ndi pamalopo, kenako ku ofesi ya za malo (Lands) ku Blantyre kukaona za lisi ndi malire. Ngongole ya madzi ku Southern Region Water Board nayo ndi yofunsa musanasayine. Koma amene amadziwa zonse ndi mayi woyandikana nayo nyumbayo. Ife atatiuza kuti zipinda ziwiri zija zinamangidwa m'masabata atatu, m'dzinja, mvula ikugwa, tinali titalipira kale. Ndipo ngati akukanizani kulowa m'kati, werengerani mtengo wa malo okha, nyumbayo muiyese mulu wa njerwa.

Sabata yatha tinali kugumula kanyumba ka mumsewu kaja tokha, asanachite kutiuza. Njerwa zinkachoka ndi manja, osafuna ndi hamala yomwe. Alamu anga akuzisanja pambali pa mpanda, akuti zina amangira khola la nkhuku.