Wachinyamata akavutika mumtima amapita kwa yani? Njira za Zimbabwe, Zambia ndi Malawi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Koma thanzi la m'maganizo siliyambira pa matenda. Lili ndi mbali ya mumtima: kuzindikira chimene ukumva, kuugwira mtima ukapsa, kudzukanso ukalephera mayeso. Lilinso ndi mbali ya ubale: kukhala ndi mnzako weniweni, kukhala ndi wamkulu ngakhale mmodzi womuuza zakukhosi, ndi kutha kukana zimene gulu likukukakamiza. Mbali ziwirizi zikagwedezeka kwa nthawi yaitali, nkhawa ndi kukhumudwa zimapeza polowera.

Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa m'chigawo chathu chonse, ndipo zipatala zake zili kutali ndi ana ambiri: Zomba Mental ndi St John of God ku Malawi, Chainama ku Lusaka, Ingutsheni ku Bulawayo. Choncho poyerekeza mayikowa tiyang'ane munthu amene dziko lililonse laika pafupi ndi mwanayo, ndi chimene lamuphunzitsa kuchita.

Zimbabwe ndiyo ili ndi njira yomveka bwino kuposa anzake. Friendship Bench, yomwe anayambitsa dokotala Dixon Chibanda ku Harare, imaphunzitsa anthu wamba, makamaka agogo aakazi, kukhala ndi munthu pabenchi panja pa chipatala chaching'ono. Amayamba ndi mafunso 14 a m'Chishona okhudza tulo, kulira, kutopa ndi kuganiza kwambiri. Kenako amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 45. Poyamba munthuyo amatchula mavuto ake onse, agogowo akumvetsera. Kenaka mwiniwakeyo amasankha vuto limodzi lokha, lomwe angathe kuchitapo kanthu. Awiriwo amaunika njira zingapo, n'kugwirizana chochita chimodzi chokhala ndi tsiku lake ndi malo ake. Akakumananso amayambira pamenepo: zinatheka kodi, chinalepheretsa n'chiyani? Wotchula zodzipha kapena womva mawu amene ena sakuwamva satsalira pabenchi, amatumizidwa kwa namwino kapena dokotala.

Mphamvu ya njirayi ili pa chinthu chimene akuluakulu ambiri chimativuta: mphungu salangiza. Mwana wa zaka 15 amene wasankha yekha kuti Lachitatu akalankhula ndi azakhali ake za fizi waphunzira luso lomwe adzaligwiritsa ntchito pa vuto lotsatira. Wouzidwa chochita waphunzira kudikira wamkulu basi. Kafukufuku wa mu 2016 m'zipatala 24 za ku Harare anapeza kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse amene anakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi 50. Komabe kafukufukuyo anali wa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mtsikana wa Fomu 2 sangaulule msanga za chibwenzi kapena mimba kwa agogo amene amapemphera ndi mayi ake. N'chifukwa chake a Friendship Bench anakonzanso benchi la achinyamata, pomwe omvetsera ndi ophunzira a m'mayunivesite. Pulogalamu ya Zvandiri nayo imagwiritsa ntchito achinyamata a zaka 18 mpaka 24 amene ali ndi HIV kuyendera anzawo ocheperapo.

Zambia inadzera kusukulu ndi kumalamulo. Lamulo lake la zaumoyo wa m'maganizo la 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, ndipo lamulo la ana la 2022 linaletsa kumenya mwana paliponse, ngakhale pakhomo. Sukulu zimayenera kukhala ndi mphunzitsi wa uphungu. Ganizoli ndi labwino, chifukwa mwana amakhala pasukulu masiku asanu pa sabata ndipo mphunzitsi ndiye amayamba kuona kuti wina wasiya kuseka, akugona m'kalasi, kapena magiredi ake atsika mwadzidzidzi. Chimene chimaononga dongosolo lotere, kulikonse kumene layesedwa, ndi zinthu zitatu. Mphunzitsiyo amakhalanso ndi makalasi ake odzadza, motero uphungu umatsalira pa nthawi yopuma. Chipinda chapadera chimasowa, mwana n'kumalankhula pakhonde anzake akusuzumira. Choipitsitsa n'chakuti mphungu yemweyo akakhalanso m'komiti yopereka zilango, ana amatseka pakamwa, ndipo sakulakwa. Nkhani imodzi ikangotuluka m'chipinda cha aphunzitsi, sukulu yonse imadziwa kuti pakhomo pamenepo palibe chinsinsi.

Kunja kwa sukulu, bungwe la StrongMinds lakhala likuyendetsa ku Zambia uphungu wa m'magulu kuyambira 2019. Gulu limakumana sabata iliyonse kwa masabata angapo, n'kumafufuza chimene chinayambitsa kukhumudwako: maliro, mkangano, kusintha kwakukulu pa moyo, kapena kusungulumwa. Kwa achinyamata gulu lili ndi phindu lomwe benchi lilibe, loti mwana amaona ndi maso ake kuti sali yekha. Koma ogwiriridwa kapena ochitiridwa nkhanza pakhomo asaikidwe m'gulu asanaonane ndi mphungu paokha.

Malawi ili ndi zipangizo zambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti n'zomwazikana. Teen Club, yomwe inayambira ku chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe n'kufalikira m'zipatala zambiri, imasonkhanitsa achinyamata amene ali ndi HIV ndipo anauzidwa kale za mmene alili, kawirikawiri Loweruka limodzi pa mwezi. Amalandira mankhwala, amasewera, amakambirana za kusalidwa ndi zibwenzi. Pa mbali ya ubale, dongosololi ndi lamphamvu kwambiri. Malire ake ndi oonekeratu: mwana amene alibe kachilombo, koma bambo ake anamwalira kapena akuzunzidwa ndi anzake kuhositelo, alibe Loweruka lake. Kusukulu kuli phunziro la Life Skills, lomwe lili ndi mitu yoyenera monga kudzidalira, kuthana ndi nkhawa ndi kuthetsa mikangano. Vuto n'lakuti limalembedwa pa mayeso, ndiye limasanduka manotsi oloweza. Kuugwira mtima kuli ngati kupalasa njinga, sungakuphunzire pokopera pabolodi. Mutu wa mkwiyo umafuna kuti ana ayeserere: awiri akangane mwasewero, wina apume mozama kasanu asanayankhe, kalasi ikambirane chimene chasintha. Palinso ma mother group, magulu a amayi a m'dera othandiza atsikana pasukulu, omwe amadziwa mtsikana aliyense wosowa m'kalasi, koma ambiri sanaphunzitsidwe kumvetsera mopanda kuweruza.

Malamulo okhudza mimba amaonetsanso kusiyana, ndipo nkhaniyi ndi ya thanzi la m'maganizo ndithu, pakuti mtsikana wochotsedwa sukulu amataya anzake onse tsiku limodzi. Malawi inalola atsikana kubwerera kusukulu atabereka kuyambira 1993, Zambia 1997. Mozambique inachotsa mu 2018 lamulo lokankhira atsikana oyembekezera ku makalasi ausiku, Zimbabwe inaletsa kuwachotsa sukulu mu 2020, ndipo Tanzania inatsegula khomo mu 2021. Apa Malawi inatsogola. Koma kulola n'kosakwanira ngati wobwererayo akunyozedwa m'kalasi popanda womuikira kumbuyo.

Tikaika zonsezi pamodzi, chimene Malawi ikusowa si anthu kapena malo okumanirana. Ikusowa njira imodzi yodziwika, ngati ya pabenchi, yophunzitsidwa kwa amene ali kale pafupi ndi ana: atsogoleri a Teen Club, amayi a mother group, aphunzitsi a Life Skills. Benchilo layesedwa kale m'zipatala zina ku Malawi, choncho si lachilendo. Chosayenera kuiwalika potengera ndi uyang'aniro. Mphungu wamba amafunika wina wodziwa zambiri wokambirana naye nkhani zovuta pafupipafupi, apo ayi amabwerera ku chizolowezi cholalikira, kapena amalemedwa ndi mavuto a ena mpaka kusiya. Zimbabwe ndi Zambia nazo zingatengere kwa Malawi mwambo wa tsiku lokhazikika limene achinyamata amadziwa kuti ndi lawo.

Njira iliyonse mwa izi iyenera kudziwa pothera pake. Mwana akakhala wokhumudwa kapena wosasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri, akasintha kadyedwe ndi kagonedwe, akadzipatula, akayamba mowa kapena chamba, afunika kuonedwa kuchipatala. Mwa anyamata kukhumudwa kumaonekera kawirikawiri ngati ukali ndi ndewu, ndipo ambiri amalangidwa m'malo mothandizidwa. Akanena zoti kuli bwino kufa, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala, poizoni wa mbewu ndi zingwe, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi chimenecho. Nambala yaulere ya 116 imagwira ntchito ku Malawi kudzera ku bungwe la YONECO, komanso ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania, ndipo mwana angaimbe yekha.