Akakuwa kuti "Kawalala!", Mkhristu aime pati?

Abale ndi alongo a mu Chipata, kumenya munthu pagulu tisamakuyese tchimo la anthu osapemphera. Pa Kapata kapena pa Saturday Market wina akangokuwa kuti "Kawalala!", othamangirako ndife tomwe, ena Baibulo lili m'chikwama.

Eksodo 23:2 imaletsa kutsata unyinji wa anthu pochita zoipa. Koma ine chimene chimandilasa mtima ndi Machitidwe 22:20. Paulo akuulula yekha kuti pamene Stefano ankaphedwa, iye anaima pomwepo, akuvomereza, akusunga zovala za oponya miyala. Sitimva kuti anatola mwala, komabe mlanduwo anauyesa wake. Lero wosunga zovala ndi uja wakweza foni m'mwamba kujambula, ndi uja wopopa petulo pa njinga yake yamoto kuti apatse gulu.

Lamulo la dziko nalonso silisiyana nazo. Ndime 21 ndi 22 za Penal Code, buku la malamulo a milandu la Zambia, zimati wothandiza, wolimbikitsa ndi wogwirizana nawo cholinga amayankha mlandu umodzi ndi womenyayo. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu Disembala 2022, koma mlandu wakupha ungakukhazike m'ndende moyo wonse, ndipo vidiyo ija ya pa WhatsApp ndiyo imaonetsa nkhope yako. Kumbukiraninso 2020, nthawi ya gassing, pamene anthu anaphedwa m'dziko muno chifukwa chongoganiziridwa kuti akupopera mankhwala m'nyumba za anthu.

Nanga uchite chiyani? Usalowe pakati wekha n'kumakuwa kuti "Musiyeni, ndi wosalakwa!" Gulu lidzati ndiwe mnzake, ndodo n'kutembenukira kwa iwe. Yamba wakoka anthu awiri kapena atatu odziwika pamalopo: tcheyamani wa msika, amayi achikulire a pa benchi, kapena a CCPU, gulu la anthu a m'dera lothandiza apolisi kupewa umbanda. Mmodzi aimbire apolisi pa 991 nthawi yomweyo, enanu mufunse mokweza kuti, "Waba chiyani? Mwini katundu ali kuti?" Kawirikawiri omenyawo sadziwa yankho, ndipo funsolo limaziziritsa manja. Womenya amene ukumudziwa muitane ndi dzina lake, kapena la mwana wake. Munthu akatchulidwa dzina amachoka m'gulu, manyazi n'kumubwerera.

Mawu oyenera ndi akuti "Tiyeni naye kupolisi", chifukwa sakutsutsa okwiyawo, angowapatsa njira ina. Mulowetseni m'shopu yapafupi, mutseke chitseko, akuluakulu aime pakhomo. Zonsezi zichitike tayala lomuwotchera lisanafike. Tayala ndi petulo zikangooneka, mawu samvekanso.

Ngakhale atadzuka n'kuyenda yekha, wamenyedwa kumutu apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi amatha kumatuluka m'kati mwa mutu osaoneka kunja, munthu n'kumwalira usiku. Akayamba kusanza, kusinza kwambiri kapena kulankhula zosamveka, musadikire kuti kuche.