Sesani zomwe foni ikukuonetsani

Maganizo anga ndi awa: munthu amene akulimbana ndi vuto la kadyedwe, kaya amadzimana chakudya, kaya amadya kenako n'kukadzisanzitsa, kaya amadya mosadziletsa n'kumadzida pambuyo pake, asathamangire kutseka Facebook kapena TikTok. Ambiri sakwanitsa, komanso anzake omulimbikitsa ali momwemo. Ayambe wasesa zomwe foniyo imamuonetsa.

TikTok, Instagram ndi Facebook amawerenga masekondi omwe mwaima pa kanema. Mukayang'anitsitsa wina akuonetsa mimba yophwa pamchenga ku Cape Maclear, ngakhale musaike like, mawa akubweretserani makanema ena otero. Ndemanga yokalipa nayo amaiwerenga ngati chidwi, choncho musayankhe. Pa TikTok dinani kanemayo osachotsa chala mpaka patuluke Not interested. Mu Content preferences muli poika mawu oti akutsekereni: lembanimo diet, weight loss, what I eat in a day, komanso athu omwe, kuonda ndi kuchepetsa thupi. Pa Facebook, Snooze imabisa munthu masiku 30 iye osadziwa, ndiye palibe chokhumudwitsana ndi msuweni kapena mnzanu wa kusukulu. Bwerezani zimenezi kwa masabata angapo, chifukwa foni sisintha tsiku limodzi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magulu a WhatsApp ogulitsa tiyi wochepetsa thupi. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimatuluka ndi madzi, osati mafuta. Pamodzi ndi madziwo pamatayika potassium, mchere womwe mtima umadalira kuti uzigunda bwino, ndipo kudzisanzitsa kumachitanso zomwezo. Mtima ukhoza kusokonekera mwadzidzidzi ngakhale munthu akuoneka wojintcha. Tulukani m'magulu amenewa. Kuyambira 2022, mukatuluka m'gulu ma admin okha ndi amene amadziwitsidwa. Kenako lowani mu Privacy, pa Groups musankhe My contacts, kuti asamangokuikani m'magulu anthu osawadziwa.

Kuno ku Mangochi palinso nkhani ya kusala. M'mwezi wa Ramadhan, kapena mpingo ukalengeza masiku osala kudya, ma status amadzaza ndi nkhani yomweyo, ndipo matendawa amabisala mosavuta kuseri kwa pemphero. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, ndipo awa ndi matenda enieni. Kambiranani ndi a dokotala komanso a shehe kapena abusa nthawiyo isanakwane.

Enafe tisamale zolemba pansi pa zithunzi za anzathu. "Wanenepatu, zikukuyendera!" kwa ife ndi kuyamikira, koma kwa wodwalayu mawuwo akhoza kumusiyitsa nsima sabata yathunthu. "Waonda bwanji, ukudwala?" ndi chimodzimodzi. Yamikirani chitenje, mayeso omwe wakhoza, bizinesi yake ya usipa. Za thupi zisiyeni.

Kusesa foni kumachepetsa zokopa, koma sikuchiza. Mukamamva chizungulire poimirira, mukakomoka, mtima ukamagunda modukiza, mukasanza magazi kapena msambo ukasiya miyezi ingapo popanda pathupi, pitani ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo. Nenani zonse, ndi tiyi yemwe mwakhala mukumwa, ndipo tengani paketi yake akaione. Ana ndi achinyamata akhoza kuimbanso pa 116, nambala yaulere yothandiza ana.