Tchuthi cha ana masabata oposa 6, changa masiku 15: apa a ku Zambia anatiposa

Nthawi zonse achemwali anga amene anakwatiwa ku Zambia akayamba kutamanda za kumeneko ndimaikira kumbuyo dziko lathu, koma mu Ogasiti wapitayu ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo. Sukulu zitatsekera kumapeto kwa Julaye, ndinalemba kalata kuntchito yopempha sabata imodzi yoti ndikhale ndi ana anga awiri, wamkulu wa zaka 11 ndi wamng'ono wa zaka 6, chifukwa mtsikana amene amatithandiza pakhomo anali atapita kukadwazika mayi ake. Abwana anandiyankha mwaulemu ndithu kuti anzanga atatu anali atapempha kale mwezi womwewo, komanso kuti ine ndinali nditangotsala ndi masiku 4, popeza ena onse ndinawathera kuchipatala pamene wamng'onoyo anagonekedwa mu Febuluwale. Sindikuwaimba mlandu abwanawo, pakuti anangotsatira zimene zili m'buku.

Choncho kwa masabata atatu ndinkachoka m'mamawa ana asanadzuke bwino, nditamumangirira wamkuluyo kiyi pachingwe m'khosi ndi kumusiyira foni yaing'ono pathebulo. Bambo awo amagwira ntchito kutali ndipo amabwera kumapeto kwa mwezi kokha. Tsiku lina foniyo inazima, ndipo kwa maola awiri ndinakhala mu msonkhano, cholembera chili m'manja, osamva ngakhale liwu limodzi la zimene zinkakambidwa. Nditafika madzulo ndinawapeza atagona pampando, osasamba, miyendo ili mbuu ndi fumbi, wamkuluyo atagwirabe kiyi uja m'dzanja. Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika, ndipo mwezi umenewo ntchito sindinaigwire bwino, ana sindinawalere bwino, nanenso ndinkagona mutu ukuwawa.

Nditawadandaulira achemwaliwo pafoni, anandifunsa modabwa kuti, "Nanga bwanji osatenga masiku a banja?" Ndinawafunsa kuti masiku a banja ndiye chiyani, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti malire a pakati pathu ndi aakulu kuposa mmene amaonekera pa Mchinji. Lamulo la ntchito la ku Zambia la 2019 limapatsa wogwira ntchito masiku 2 a tchuthi pa mwezi uliwonse, kutanthauza masiku 24 pa chaka. Kuwonjezera apo, limamupatsa masiku ofika 7 olandira malipiro oti adwazike mwana, mkazi kapena mwamuna wake, ndiponso masiku ena 3 oti asamalire za thanzi kapena maphunziro a mwana. Mayi aliyense wapantchito alinso ndi tsiku limodzi pa mwezi lotchedwa Mother's Day, limene amajomba popanda kubweretsa kalata ya dokotala. Achemwali anga anati pa tsikuli ana akadya amawauza kuti asagogode, n'kugona mpaka thupi litamasuka.

Tsono yerekezani ndi kwathu kuno. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limapereka masiku 15 kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Tchuthi cha matenda chilipo, koma n'cha iwe mwini ukadwala, osati mwana wako. Zikanakhala ku Zambia, ambiri mwa masiku amene ndinakhala pambali pa bedi la mwana wanga mu Febuluwale sakanachotsedwa pa tchuthi changa, ndipo mu Ogasiti ndikanakhala ndi poyambira pokambirana ndi abwana. Kuno mayi amalipira matenda a mwana wake ndi mpumulo wake womwe, ngati kuti kugona pansi m'wodi ya ana ndi kupuma.

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti kalendala yathu ya sukulu imaunjika katundu yense pamalo amodzi. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Seputembala, choncho holide yaikulu imatenga kumapeto kwa Julaye, Ogasiti yense, mpaka m'kati mwa Seputembala. Masabata 6 okha ali ndi masiku 30 ogwira ntchito, kuwirikiza kawiri tchuthi changa cha chaka chonse, ndipo apa sitinawerengere holide ya Khirisimasi ndi ya Pasaka. Makolo a ana a Sitandade 8 ndiwo amaona zakuda zenizeni, chifukwa anawo akalemba mayeso a MANEB cha mu Meyi amakhala pakhomo miyezi ingapo asanalowe Fomu 1. Ku Zambia chaka chimayamba mu Januwale, ndipo ana amapuma pafupifupi mwezi umodzi cha mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Katundu wogawa patatu amasenzeka: bambo atenga sabata mu Epulo, mayi mu Ogasiti, ndipo mu Disembala maofesi ambiri amakhala atafooka kale. Ife timafuna tonse mwezi umodzi womwewo, n'kumakanganirana mu ofesi ngati kuti mnzathu wokhala ndi ana ndiye mdani.

Kunena chilungamo, si zonse zimene anatiposa. Holide yathu yaikulu imagwa m'chilimwe, anthu atakolola ndipo misewu ili youma, kotero kuti amene ali ndi agogo amphamvu amatha kutumiza ana kumudzi mosavuta, pamene Disembala wa ku Zambia amafika mvula ili pakati, ana atatsekeredwa m'nyumba, makolo akuganiza za Khirisimasi ndi yunifolomu ya Januwale nthawi imodzi. Achemwali anga avomereza okha kuti mwezi umenewo umawaonda. Komanso kusintha kwa lamulo lathu mu 2021 kunapatsa abambo masabata 2 mwana akabadwa, pamene ku Zambia ndi masiku 5 okha, ndipo pamenepa ndinawanyadira ndithu. Koma kunyada kwanga kunatha msanga atandikumbutsa kuti mayi wobereka kumeneko amapuma masabata 14, pamene kuno ndi 8. Ndikudziwanso kuti mayi wogulitsa pamsika, kaya ku Lusaka kaya ku Lilongwe, malamulo onsewa samufika, ndipo ana ake amathera holide pambali pa benchi yake.

Za ku Mozambique ndi ku Tanzania sindichulutsa. Ku Mozambique holide yaikulu imagwa mu Disembala ndi Januwale, ndipo ku Tanzania wantchito amapatsidwa masiku 28 otsatizana, kuwerengera Loweruka ndi Lamlungu lomwe, zimene zikuposabe zathu. Kulikonse kumene ndayang'ana, mayi wa ku Malawi wolembedwa ntchito ndiye amene ali ndi masiku ochepa oyang'anira ana ake.

Anthu ena andiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndikanangowasiya anawo kwa aneba. Ndinayesa, koma aneba anga nawonso amachoka m'mawa ngati ine, ndipo m'nyumba zinayi zoyandikana nafe munkatsala ana okhaokha, wamkulu kwambiri wa zaka 13. Ena amalembetsa ana maphunziro apadera a pa holide, osati chifukwa anawo atsalira m'kalasi, koma kuti pakhale munthu wamkulu wowayang'ana mpaka masana, ndipo mwana amabwerera kusukulu asanapume n'komwe. Chimene ndikupempha aphungu athu ndi mabungwe a anthu apantchito si chachilendo: masiku ochepa odwazikira mwana ndi osamalira za sukulu yake alembedwe m'lamulo, padera pa tchuthi cha pachaka, monga anachitira anzathu kutsidya kwa malire.

Sukulu zinatsegulidwa, mtsikana uja anabwerako, ndipo kiyi ndinamuvula mwana wanga m'khosi. Masiku anga 4 aja sindinawakhudze ndipo sindiwakhudza, chifukwa mvula ikubwera ndi malungo ake, ndipo sindikudziwa kuti mwa awiriwa adzayambe kutentha thupi ndani.