Mverani kaye mpaka kumapeto musanatsegule pakamwa

Lachisanu m'mawa ndikutsegula foni, ndapeza mkulu wina walemba kale ndemanga ya chimbale chatsopano cha power metal, mtundu wa nyimbo za rock za magitala olira mwamphamvu ndi mothamanga. Chimbalecho chatuluka pakati pa usiku, n'chotalika pafupifupi ola lathunthu, koma ndemanga yake inali itakwera kale zisanathe mphindi 20. Wachipatsa 3 pa 10. Chifukwa chake? Akuti "magitala akungothamanga, palibe kolasi yogwira mtima". M'munsi mwake momwemo akutamanda singo ya hip hop imene iye mwini akuvomera kuti wangomvako kachidutswa pa TikTok. Imeneyo 9 pa 10. Magazi anga anawira.

Achimwene, simunamvere. Nkhani ndi imeneyi basi. Chimbale cha ola limodzi sichingathe m'mphindi 20, ngakhale mutakhala ndi makutu anayi. Munangodumphadumpha, kulawa poyambira nyimbo iliyonse, kenako n'kuthamangira kulemba kuti mukhale oyamba. Nanga mukuweruza chiyani? Chinthu chimene simunachimve?

Sindikukana kuti munthu adane ndi power metal. Danani nayo, ndi ufulu wanu. Mawu okwera m'mwamba aja, ng'oma ziwiri zapansi zogunda mosapumira, nkhani za ankhondo, mafumu ndi zinjoka, ena zimawatopetsa, ndipo palibe mlandu. Koma danani nacho chimbalecho mutachimva. Nyimbo zamtunduwu sizinapangidwe kuti zikugwireni m'masekondi 10 oyamba. Nthawi zambiri nyimbo yoyamba imakhala kalambulabwalo chabe, kiyibodi ndi kwaya, popanda ngakhale vesi imodzi. Kolasi yeniyeni imabwera gitala atatsegula njira, solo imabwera pakati, ndipo kawirikawiri nyimbo yaikulu amaisungira kumapeto kwenikweni. Anyamata a gulu la Helloween a ku Hamburg, amene ambiri amawatenga ngati eni ake a mtundu umenewu, anatulutsa Keeper of the Seven Keys gawo lachiwiri mu 1988. Nyimbo imene ili ndi dzina la chimbalecho ndi yoposa mphindi 13, ndipo anaiika chakumapeto. Inuyo ndi liwiro lanuli mukanaifikira? A gulu lina la power metal, Blind Guardian, ali ndi nyimbo ya mphindi 14. Chimbale chawo cha 1998, Nightfall in Middle-Earth, chili ndi timagawo ta nkhani pakati pa nyimbo, ndiye ukadumpha umangomva anthu akulankhula osadziwa kuti akunena chiyani. Kenako mulembe kuti "n'chosokonekera". Wosokonekera ndi ndani apa?

Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo musaganize kuti ndikuikira kumbuyo magitala okha. Singo ija mwaipatsa 9 pa 10 ija mwaichitanso chipongwe chomwecho. Kutamanda chinthu chimene sunamve ndi bodza lofanana ndi kuchinyoza. Mwamva masekondi 15 amene anasankhidwa dala kuti avinidwe pa vidiyo, ndiye mwati nyimbo yonse ndi moto. Vesi yachiwiri mwaimva? Mukudziwa ngati woyimbayo akukwera biti bwino kapena akungoithamangira kumbuyo? Amene wamuitana kudzathandiza wabweretsa chiyani, kapena wangobwera kudzaika dzina? Biti imasintha pakati kapena ndi yomweyomweyo mpaka kutha? Mawu ake akunena kanthu, kapena ndi magalimoto ndi ndalama zomwe zija tinazimva chaka chatha? Simukudziwa, chifukwa simunamvere. Singo zambiri masiku ano sizifika n'komwe mphindi zitatu. Old Town Road yoyamba ija ya Lil Nas X sinakwane ngakhale mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri zokha, abale, nazonso zakukanikani?

Hip hop ndi nyimbo ya mawu. Rapa wabwino amabisa tanthauzo lachiwiri pansi pa loyamba, amaika mzere m'vesi yoyamba umene umadzamveka bwino ukafika vesi yachitatu. Pali mizere imene umaiseka ulendo wachinayi, utazindikira mochedwa kuti kani amatanthauza izi. Kendrick Lamar analandira mphoto ya Pulitzer mu 2018 chifukwa cha DAMN., ndipo chimbale chomwecho anachitulutsanso nyimbo zake zitasanjidwa chobwerera, kuyambira yomaliza kukathera yoyamba, kuti nkhani yake imveke mwa mtundu wina. Munthu wakhala pansi kuganizira ngakhale dongosolo la nyimbo, inu mukubwera ndi chala chodumphira n'kumati mwaweruza. Manyazi mulibe?

Ndikudziwa, Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikangodutsa masekondi 30, ndipo kuyambira 2015 nyimbo zatsopano zambiri zimakhuthuka tsiku limodzi, Lachisanu, ndiye aliyense ali pa mpikisano. Chabwino. Imeneyo ndi nkhani ya makampani. Inu palibe wakugwirani pakhosi kuti mulembe lero lomwe.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti anthu amakukhulupirirani. Wina amene sanamvepo magulu a power metal ngati Stratovarius kapena Sonata Arctica a ku Finland, amene mwina akanayesako, wawerenga 3 pa 10 wanu uja n'kutseka khomo. Gulu lakhala miyezi mu situdiyo, woyimba wajambula mawu ake kambirimbiri kuti amveke ngati kwaya, wa ng'oma thukuta kamukamu, inu mwazitaya zonsezo kudzala musanasukusule n'komwe. Ndipo winanso wathamangira singo ija poyembekeza zodabwitsa, wapeza kuti kachidutswa ka pa TikTok kaja ndi kokhako kabwino, kwinako n'kungodzaza nthawi. Onse awiri mwawanamiza. Ndi ndemanga imodzi.

Mverani. Kenako mverani kachiwiri. Chimbale chiyambeni pa nyimbo yoyamba, muchisiye chiyende chokha mpaka chizime. Singo ibwerezeni mawa, mkokomo wake utaphwa, muone ngati ikadali ndi mphamvu. Ngati nthawi mulibe, khalani chete, palibe amene anafa chifukwa chosalemba ndemanga. Kapena nenani zoona kuti "ndangomvako nyimbo ziwiri, zandikomera" kapena "sizinandigwire". Zimenezo tikhoza kuzilandira. Koma manambala ayi. Nambala ndi chigamulo, ndipo woweruza amene wagamula mlandu atangomva mboni imodzi, theka lokha la umboni wake, tonse timadziwa dzina limene timamupatsa.

Wina wandiyankha kale kuti "khutu lozolowera limadziwa msanga". Khutu lanji? Khutu lozolowera ndiye limadziwa kuti nyimbo zina zimakoma ulendo wachitatu, ndipo zina zimene zinakoma tsiku loyamba zimafika ponyansa sabata isanathe. Amene amadziwadi nyimbo sathamanga. Othamanga ndi ofuna ma like.

Ndiye palinso awa omvera pa sipika ya foni. Inu anthu! Kasipika kaja sikatulutsa besi yakuya. 808, besi ya makina ya mu hip hop imene ikunyamula biti yonse, simukuimva n'komwe, mukungomva timalata tapamwamba tikulira, kenako mulembe kuti "biti yake ndi yopepuka". Pa metal ndiye zimachita kunyanya: gitala wa besi kulibe, ng'oma zapansi zikumveka ngati munthu akugogoda tebulo ndi zikhadabo, kiyibodi ndi magitala zonse zaphatikana phokoso limodzi. Wosakaniza mawu anagwira ntchito yake kuti gitala mmodzi amveke kumanzere wina kumanja, inu mukumvera pa kabowo kamodzi foni ili m'thumba la malaya, uku mukucheza ndi anzanu. Bwerekani mahedifoni.