Tikonzereni zing'onozing'ono pa zida zolumikizira zidutswa mu CAD

Lero ndakwiya, ndipo chimene chandikwiyitsa ndi bulaketi yaing'ono ya mabowo awiri imene ndimafuna kuimangirira pa chimango cha makina mu assembly, gawo lolumikiziramo zidutswa la pulogalamu ya CAD yojambulira makina pa kompyuta. Ndinasankha bowo la bulaketi ndi bowo la chimango kuti akhale pa mzere umodzi, kenako ndinasankha kunsi kwa bulaketi kuti kugone pamwamba pa chimango, ndipo pulogalamu inatembenuza bulaketi yonse chadodolido n'kuilowetsa m'kati mwa chitsulo. Nditadina batani lotembenuzira, bulaketi inakhala bwino, koma nditafika pa bowo lachiwiri mndandanda wa ma mate, amene ndi malamulo olumikizira chidutswa ndi chinzake, unafiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo uthenga umene unatuluka unangoti pali malamulo otsutsana, osanena kuti lamulo liti likutsutsana ndi liti.

Inu opanga mapulogalamu amenewa, pulogalamu yanu imadziwa pamene pavuta, chifukwa ikanapanda kudziwa sikanakana. Nanga bwanji imandibisira? Chidutswa chilichonse chimene sichinamangidwe chimatha kuyenda m'njira 6, zitatu zosendera ndi zitatu zozungulira. Mukalumikiza bowo ndi bowo pa mzere umodzi mwatseka njira 4, ndipo mukagoneka nkhope ya bulaketi pa chimango mwatsala ndi njira imodzi yokha, ya kuzungulira pa bawuti. Ndiye ngati mabowo a bulaketi atalikirana mamilimita 40 pamene a chimango atalikirana mamilimita 40.01, bowo lachiwiri likana ndithu, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Chimene ndikupempha n'chakuti pulogalamu iyatse mabowo awiriwo pa sikirini ndi kundiuza kuti asiyana ndi mamilimita 0.01, basi. Masamu onsewo yawawerengera kale, chatsala n'kutsegula pakamwa n'kunena.

Sindikupempha zinthu zikuluzikulu ayi, ndikupempha zing'onozing'ono zimene munthu wojambula makina amapunthwa nazo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ndisanavomereze mate, ndionetseni chithunzi chooneka mbali zonse cha pamene chidutswa chikagwere, ndipo batani lotembenuzira likhale pomwepo pafupi ndi mausi, osati kumapeto kwa bokosi limene likuphimbanso chidutswa chimene ndikufuna kuona. Ndikamaliza, ndijambulireni kamuvi kosonyeza njira imene chidutswacho chikadayendabe, m'malo mondisiya ndizichikoka uku ndi uku ndi mausi kuti ndidziwe ngati chagwira. Ndikafuna kusankha nkhope imene yabisika kunsi kwa chidutswa china, chidutswa chophimbacho chizilale chokha kwa kanthawi, m'malo moti ndizungulize makina onse, ndibise chivundikiro, ndisankhe, kenako ndifunefune chivundikirocho mu mndandanda kuti ndichibwezere.

Ndipo maina! Mndandanda wa ma mate wodzaza ndi maina ngati Coincident47, Coincident48, Concentric112 umathandiza ndani? Munthu amene wapatsidwa fayilo ya mnzake ayenera kudina dzina lililonse, limodzilimodzi, kuti aone chimene likugwira, pamene pulogalamu ikanatha kungolemba yokha kuti bulaketi ndi chimango, kapena shafti ndi bearing, popeza maina a zidutswazo ili nawo kale. Zoona, munthu angathe kusintha mainawo pamanja, koma ndani adzakhala pansi kusintha maina a ma mate mazanamazana pamene zojambula zikudikiridwa ku wekishopu?

Luso limeneli si la dzulo. Pulogalamu ya SolidWorks inatuluka mu 1995, Autodesk Inventor mu 1999, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akulumikiza nkhope ndi nkhope, bowo ndi bowo. Mapulogalamu a Onshape ndi Fusion anabwera ndi kaganizidwe kena, koti malo amodzi olumikizira anyamule kolowera konse kuti mate imodzi, imene mu Fusion imatchedwa joint, igwire ntchito imene kale inkafuna malamulo atatu, ndipo FreeCAD inaika chida chake cha assembly m'kati mwa pulogalamu mu mtundu wake wa 1.0 wa mu 2024. Zimenezi zikusonyeza kuti nzeru zothetsera zovuta zazikulu zilipo, ndiye n'chifukwa chake zikundiwawa kuti zazing'onozi zikadali kutisautsa. Zina mwa zimene ndatchulazi zilipo m'mapulogalamu ena, ndikudziwa, koma kawirikawiri zimakhala zokwiriridwa pansi pa menyu atatu kapena zozimitsidwa mpaka munthu atazipeza mwangozi, ndipo chida chimene munthu sangachione pa nthawi imene akuvutika n'chimodzimodzi ndi chida chimene kulibe. Mwina n'chifukwa chakuti batani losunthidwa pang'ono siligulitsa pulogalamu pa chionetsero, kaya.

Wina anena kuti ndi masekondi chabe. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Masekondi khumi otembenuza chidutswa, masekondi makumi awiri ofunafuna nkhope yobisika, mphindi zisanu zozimitsa ma mate imodziimodzi kuti upeze imene yalakwa, zonsezi uzichulukitse ndi mabawuti, manati ndi mawasha onse a makina amodzi, ndiye uone ngati ukanenabe kuti ndi masekondi chabe. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akatopa amangofufuta mate imene yafiira kapena kukhomerera chidutswa pamalo kuti uthenga uchoke, ndipo mabowo osiyana aja amapita ku wekishopu osakonzedwa, kukaonekera pamene chitsulo chadulidwa kale ndipo bawuti ikukana kulowa. Pulogalamu imene ikanatchula mabowo awiriwo ikanapulumutsa chitsulocho. Tikonzereni zing'onozing'onozi, mutiuze pamene pavuta, mutionetse chisanachitike, ndipo muleke kutiunjikira chaka ndi chaka zinthu zatsopano zimene ambiri a ife sitidzazitsegula n'komwe.

Pamenepa sindinanene za chimene chimachitika munthu akasintha chidutswa chimene analumikiza kale. Ungowonjezera kangodya kozungulira m'mphepete mwa bulaketi, kapena kulowetsa fayilo yatsopano ya chidutswa chomwecho kuchokera kwa wopanga, ndipo ma mate amataya nkhope zimene ankagwira, ngakhale kuti bowo likadali pamalo pomwepo ndi kukula komweko. Pulogalamu ikuliona bowolo, ine ndikuliona, koma ikufuna kuti ndilisankhenso pamanja, bowo lililonse palokha, m'malo mongondifunsa kamodzi ngati ndilo lomwe lija.